Mbewa za Mzime ndi Mbale ya Bambo

Bambo ake a Mzime ankauza aliyense wofunsa kuti mwana wawo wotsiriza anaphunzira mpaka kuyunivesite kuti azikaphikira makoswe. Mzime ankawakonza kuti ndi mbewa, ndiponso kuti saphika, amangoyeza pasikelo. Iwo ankagwedeza mutu ngati amva, mawa lake n'kukabwereza zomwezo kwa wometa tsitsi. Anayendetsa basi zaka zambiri mpaka mawondo anakana, koma ngakhale anapuma, mumsewu mwawo monse ankawatchulabe Adalaivala. Galu wawo wofiirira, wa khutu limodzi logwa, anamutcha Kondakitala chifukwa ankaima pakhomo n'kumanunkhiza aliyense wolowa ngati akufunsa tikiti.

Mzime ankagwira ntchito m'chipinda chopanda mazenera, kuseri kwa nyumba ya sayansi. Polowa ankavala mkanjo womanga kumbuyo, kachipewa, magolovesi ndi timatumba kunsapato. Amayi ake ataona chithunzi anafunsa ngati mbewazo zili ndi matenda opatsirana. Anawayankha kuti ayi, zovalazo n'zoteteza mbewa kwa iye. Amayi sanaikonde nkhani imeneyo. Anati mwana wawo amasamba.

M'chipindamo munali mashelefu odzaza timakola tapulasitiki. Pansi pa kakhola kalikonse panali utuchi, pamwamba chivindikiro cha waya chopindikira m'kati, pomwe pankakhala chakudya ndi botolo la madzi. Mbewa zinkaimirira ndi miyendo yakumbuyo n'kumatafuna chakudyacho kudzera m'mipata ya waya, ngati anthu ogula pazenera la golosale. Chakudya chakenso sichinali cha mbewa wamba. Chinali chodzaza mafuta, chofewa, choterera m'manja ngati sopo wonyowa, ndipo chinkasungidwa m'firiji. Mbewa zodya chimenecho zinkanenepa mpaka khosi kusowa, ubweya n'kumanyezimira, shuga wa m'magazi n'kumakwera. Limenelo linali gulu loyamba. Gulu lachiwiri linkadya chakudya chomwecho, koma chosakaniza ndi ufa wobiriwira wa masamba a mtengo wina umene m'mabuku a Apulofesa, omwe ankayang'anira kafukufukuyo, unali ndi dzina lalitali la Chilatini. Ankafuna kudziwa ngati ufawo ungathandize thupi kuwotcha mafuta ndi kutsitsa shuga.

M'mawa uliwonse Mzime ankachotsa chakudya chotsala pawaya n'kuchiika pasikelo. Chimene chasowa pa chimene anaika dzulo, ndicho mbewa zadya. Anamuphunzitsa choncho, ndipo amene anamuphunzitsawo anaphunzitsidwanso choncho. Kumapeto kwa sabata ankanyamula mbewa iliyonse cha kutsinde kwa mchira, n'kuiika m'kapu pasikelo, n'kudikira kuti isiye kuzungulira. Nthawi zina ankabaya nsonga ya mchira kuti atenge kadontho ka magazi koyezera shuga.

Patapita masabata angapo, zinayamba kuonekera ndi maso omwe. Mbewa za gulu loyamba zinali ngati mbatata zamiyendo. Za ufa wobiriwira zinali ndi chiuno, zinkakwera waya, ndipo shuga wawo anali wotsikirapo. Apulofesa, munthu amene ankaseka mwa apo ndi apo ngati kuseka n'kogula, anavula magalasi n'kuyang'ana manambala pakompyuta nthawi yaitali. Anafunsa kawiri ngati magulu awiriwa akudya mofanana. Mzime anayankha kawiri kuti eya, sikelo ikutero. Nkhani yonse inagona pamenepo. Mbewa yoonda chifukwa chosadya si nkhani. Koma mbewa yodya mafuta omwewo, muyezo womwewo, n'kumaondabe, ndiye kuti m'thupi mwake muli chimene chikuchitika. Tsiku limenelo Apulofesa anamugwira dzanja.

Mzime akanangofika kunyumba n'kudya mwakachetechete. Koma chimwemwe chinamuyabwa pakamwa, ndipo madzulo amenewo kunyumba kunalinso azakhali ake, alongo awo a Bambo, mayi amene ankakhulupirira kuti palibe matenda opanda tsamba lake. Mzime anafotokoza zonse, mpaka kuwaonetsa chithunzi cha mtengowo pafoni. Azakhali anaomba m'manja kamodzi n'kunena kuti mtengo umenewo uli kuseri kwa nyumba yawo, ndipo mbuzi zomwe siziudya chifukwa cha ulemu.

Bambo anali ndi matenda a shuga. Ankamwa mapiritsi m'mawa ndi madzulo, ndipo ankadana nawo mofanana ndi mzere wa kuchipatala, kumene ankati munthu amalowa wodwala chimodzi n'kutuluka wodwala msana. Sabata isanathe, pakabati panali botolo la jamu lodzaza ufa wobiriwira. Amayi anayamba kuwaza supuni yodzaza pa chakudya cha Bambo, pampunga, panyama, pamazira omwe. Mapiritsi analowa m'kabati, pansi pa laisensi yakale ndi chipewa cha yunifolomu.

Mzime analankhula mpaka mmero kuuma. Anati mbewa si munthu. Anati kafukufukuyo sanathe, ufa wa kuyunivesite ndi woyezedwa pomwe wa azakhali ndi wosinja mumtondo, ndipo palibe dokotala amene angauze munthu kusiya mapiritsi chifukwa cha mbewa za m'kakhola. Bambo anamvetsera zonse mwaulemu, manja ali pamimba.

“Iwe Mzime,” anatero, “ndinakutumiza kusukulu kuti tsiku lina ndidzakukhulupirire. Lero ndakukhulupirira, ukukananso?”

“Sindinanene kuti musiye mankhwala, Bambo.”

“Unanena kuti makoswe ako akudya mafuta n'kumaonda. Ine ndi khoswe tikusiyana pati? Mchira basi. Tsiku limene makoswe ako adzasinthe maganizo, nanenso ndidzasintha. Mapiritsiwo sathawa.”

Mzime anayesa kudzera kwa Amayi, koma Amayi anali ndi umboni wawo. Bambo ankadyera pabalaza, pampando wawo wa pazenera, wailesi ili pambali, chifukwa ankati patebulo pamakhala nkhani zambiri kuposa chakudya. Mbale inkapita yodzaza n'kubwerera yoyera. Ndipo mimba, imene kale inkafika pakhomo mwini wake asanafike, inayamba kubwerera m'mbuyo. Bambo anaboola lamba ndi msomali, kenako anaboolanso. Anthu a mumsewu anayamba kufunsa chinsinsi, ndipo azakhali anayamba kuyenda ngati munthu amene watsegula chipatala.

“Ukudandaula chiyani, mwana wanga?” Amayi anamufunsa akutsuka mbale ija. “Akudya zonse, koma akuonda. Si zomwe unanena?”

Zinalidi zomwe ananena, mawu ake enieni, omwe anauza Apulofesa. Koma Mzime ankaonanso zina zimene lamba sankanena. Jagi ya madzi inasamukira pafupi ndi mpando wa Bambo, ndipo inkatha msanga. Ulendo wa kuchimbudzi unachuluka mpaka Amayi anawaseka kuti ayamba kuima pasiteji iliyonse. Ankagona wailesi ikulankhula, masana dzuwa lili pamutu. Nyuzipepala ankaitalikitsa, kuibweretsa pafupi, kenako n'kuipinda n'kunena kuti masiku ano amalemba tizilembo tating'ono dala. Mzime ankadziwa kuti shuga akakwera kwambiri amaondetsanso munthu, ndipo kuonda kwake sikukhala kokondwerera. Anatulutsa kamakina koyezera shuga kamene kanali m'nyumbamo, n'kupempha chala. Bambo anapinda manja n'kunena kuti chala chawo si mchira wa khoswe.

Motero m'mawa ankapita kukayeza mbewa zimene zinkamupatsa mbiri yabwino, madzulo n'kubwerera kukayang'ana bambo ake akumwa madzi. Manambala pakompyuta ankakongolerakongolera. Apulofesa anayamba kutchula za msonkhano wa akatswiri. Mzime sanadziwe kuti angafunire chiyani mbewa zake. Zikapitiriza kuonda, mapiritsi akhalabe pansi pa chipewa.

Loweruka lina masana anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Chingwe chinkadutsa pafupi ndi zenera la pabalaza, ndipo nsalu ya pabedi imene anayanika inamubisa yense kupatula mapazi. Anamva Amayi akuika mbale pakatebulo n'kubwerera kukhitchini. Wailesi inakwezedwa pang'ono. Kenako anaona Kondakitala akubwera mosathamanga, n'kukhala pansi pa zenera, mutu m'mwamba, ngati munthu wodziwa nthawi ya basi yake.

Zenera linatseguka. Munatuluka dzanja la Bambo litagwira mbale, n'kuipendeketsa mosamala, mmene munthu amakhotera pakona yodziwika. Mpunga wobiriwira ndi nyama yamafuta zinatsetsereka. Kondakitala anazilandira zina zisanafike pansi, ndipo anasesa zotsalazo ndi lilime mpaka simenti kuwala. Dzanja linabwerera m'kati. Kudzera pampata wa nsalu, Mzime anaona bambo ake akupala kanyama kamodzi ndi supuni mbali zonse, n'kukatafuna nkhope itakwinyika, n'kutsikitsira ndi madzi.

Ndipo Mzime anamuyang'ana galuyo bwinobwino, koyamba pa masabata ambiri. Khosi linali litasowa. Ubweya unkanyezimira. Poyenda ankagwedeza thupi lonse, mimba ikutsala pang'ono kukhudza pansi. Maonekedwe amenewo ankawadziwa: ankawanyamula pamchira sabata iliyonse. Kondakitala anali wa gulu loyamba, chonsecho ndiye ankadya ufa wonse wa azakhali.

Mzime anasiya zovala m'beseni n'kulowa kukhitchini. Amayi anali atatuluka kukatenga makala. Mzime anatsegula botolo la jamu lija. Ufa umenewo anali atauyeza miyezi ingapo, ankadziwa kulemera kwake, mtundu wake ndi dzina lake la Chilatini, koma anali asanaulawepo, chifukwa kuntchito kwawo lamulo loyamba ndi lakuti palibe chimene chimalowa m'kamwa. Ananyowetsa chala n'kulawa. Kuwawa kwake kunayamba palilime, kunadutsa m'mano, n'kukatulukira m'makutu. Anatsuka m'kamwa kawiri, maso ali misozi. Ataimirira pasinkipo, anaganiza za mbewa zake zitaimirira pawaya, ndi za sikelo yake imene inkangodziwa zotsala pamwamba.

Lolemba anadzera kumsika n'kugula sefa ya kukhitchini, yawaya, ya chogwirira chofiira. Anaitsuka ndi mankhwala ophera tizilombo asanalowe nayo. Linali tsiku losintha utuchi. Masiku onse utuchi wakale ankaukhuthulira m'thumba la zinyalala, nkhope atayang'ana kumbali chifukwa cha fungo. Tsiku limenelo anasamutsa mbewa ya gulu lachiwiri n'kuiika m'kakhola koyera, n'kuthira utuchi wakalewo pathireyi. Anausefa pang'onopang'ono, n'kumatola zotsala ndi kachitsulo kopanira.

Sanavutike kufufuza. Pakona, pansi pa chisa, panali mulu wa nyenyeswa zobiriwira, zina zazikulu ngati njere za mpunga, zosanjikizidwa bwino ngati za munthu wosunga. Mbewa inkaluma chakudya pawaya, n'kulawa, n'kuchiponya pansi, n'kulumanso kufunafuna pokoma. Pamwamba chakudya chinkatha, sikelo n'kulemba kuti chadyedwa. Anasefa kakhola kachiwiri, kachitatu, mpaka shelefu yonse. M'gulu loyamba anangopezamo tindowe ndi tinyenyeswa tosawerengeka. M'gulu la ufa, kakhola kalikonse kanali ndi nkhokwe yake. Ataziika pasikelo n'kuchotsera, anapeza kuti mbewa zake zotchuka zinkadya pang'ono kwambiri kuposa zinzake. Imodzi inamuyang'ana kudzera m'pulasitiki, ikupukuta ndevu ndi manja onse awiri, yopanda manyazi n'pang'ono pomwe.

Apulofesa anaitanidwa, anavala mkanjo ndi timatumba kunsapato, n'kuima patsogolo pa mathireyi. Anayang'ana milu yobiriwirayo, kenako sefa ya chogwirira chofiira. Pomaliza anati ndiye kuti mwina ufa wawo suwotcha mafuta, umangoononga chakudya, ntchito imene wophika aliyense woipa amaitha popanda digiri. Anati kuti adziwe zoona pafunika gulu lachitatu: mbewa zodya chakudya chamafuta chopanda ufa, koma muyezo wokhawo umene za ufa zikudyadi. Zikaonda mofanana, nkhani yatha. Zikapanda kutero, mwina ufawo ulipo ndi kanthu. Za msonkhano wa akatswiri sanazitchulenso.

Ali pakhomo anatembenuka n'kufunsa kuti nzeru yosefa utuchi anaitenga m'buku liti.

“Kwa galu wa kunyumba, Apulofesa.”

Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anangoti sefayo ikhale ya m'chipindamo kuyambira lero.

Gulu lachitatulo likanatenga masabata ena ambiri, ndipo jagi ya Bambo sikanadikira. Koma Mzime ankawadziwa bambo ake. Munthu amene anayendetsa basi yodzaza anthu zaka zonsezo sangavomere kuti wasochera chifukwa choti wokwera wanena. Akanawauza kuti anawaona pazenera, akanakana, akanakwiya, n'kuyamba kudya ufawo weniweni kuti aonetse kuti angathe. Ndiye anapempha tchuthi cha tsiku lotsatira, n'kudikira chakudya cha masana.

Amayi atapereka mbale ya Bambo, Mzime anatenga yake n'kukakhala pabalaza, moyang'anizana nawo. Anati masiku ano sakucheza nawo mokwanira. Anaitananso Amayi kuti abwere adyere pomwepo. Kenako anadzuka n'kutseka zenera, n'kukhoma kachitsulo kake, akuti kukubwera fumbi. Bambo anayang'ana kunja. Kunalibe kamphepo n'komwe.

Mbale inali pakatebulo, mpunga ndi nyama, pamwamba pobiriwira ngati bwalo la mpira. Bambo anatenga supuni, anasuntha mpunga kuchoka kumanzere kupita kumanja, n'kuubwezanso. Anathira madzi m'kapu. Anafunsa ngati Mzime sakuchedwa kuntchito. Anafunsa Amayi ngati sanasiye kanthu pamoto. Onse awiri anayankha kuti ayi.

Mzime anayamba kufotokoza za mbewa zake, akudya bwinobwino. Anafotokoza za waya, za sikelo, za sefa, n'kupereka foni kwa Amayi kuti aone milu ya nyenyeswa. Ananena mosabisa kuti zimene anawauza madzulo aja sizinali zoona: mbewa sizinkadya mofanana, zinkataya chakudya chifukwa chowawa, ndipo kuonda kwake kunali kwa njala. Ngati ufawo uli ndi ntchito ina, palibe amene akudziwa panopa, ngakhale Apulofesa.

Amayi anakhumudwa ngati chakudyacho anaphika ndi iwo. Anati sanamvepo chinyengo chotere. Munthu kukukonzera chakudya, kukuyezera, kukuvalira mpaka timatumba kumapazi, iwe n'kumakankhira pansi pa bedi, n'kumamusiya mnzako akuyenda mumsewu akudzitama. Anati zikanakhala zawo, bwenzi atazikhalira pomwepo mpaka zimalize.

“Musaziweruze msanga, Mayi,” anatero Bambo, maso ali pambale. “Khoswe nayenso ali ndi lilime. Mwina sankafuna kukhumudwitsa wophika.”

“Mwayamba liti kuikira kumbuyo makoswe, Adalaivala?”

Bambo asanayankhe, pansi pa zenera panamveka kulira kwapansipansi, kenako zikhadabo zikukanda khoma. Patapita kanthawi chitseko cha kukhitchini chinakankhidwa, ndipo Kondakitala, amene ankadziwa bwino lomwe kuti pabalaza saloledwa, analowa akugwedeza thupi lonse. Sanayang'ane Amayi kapena Mzime. Anapita molunjika pamapazi a Bambo, anakhala pansi, n'kuyang'ana mbale, kenako Bambo, kenako mbale, dovu likudontha.

Amayi anaika supuni pansi. Anamuyang'ana galuyo kuyambira kumphuno mpaka kumchira, mosafulumira, mmene amayang'anira nsalu pamsika.

“Galu uyu ndimamupatsa zotsala,” anatero. “Ndipo chiyambireni ufawu, m'nyumba muno simutsala kanthu.”

Wailesi inkalengeza za nyengo. Bambo anakanda kuseri kwa khutu logwa lija, n'kunena motsitsa mawu kuti zoti kondakitala amadya kuposa dalaivala zinayamba kalekale, si za lero.

Mzime anaganiza kuti Amayi akalipa. Koma anangogwira pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo, mapewa akugwedezeka, mpaka misozi inatuluka. Atapuma anafunsa kuti ndiye masabata onsewa amuna awo akhala akudya chiyani. Bambo anati tiyi wa m'mawa ndi buledi, poti pamenepo ufa sunkafika, komanso kanyama kopala apa ndi apo. Kuseka kwa Amayi kunathera pomwepo. Anayang'ana lamba woboolaboola uja, ndi khungu la pakhosi limene linayamba kulendewera, ngati akuziona koyamba.

Mzime anatulutsa kamakina kaja m'thumba la siketi, pomwe kanali chiyambire m'mawa, n'kukaika pakatebulo pafupi ndi mbale. Bambo anakayang'ana nthawi yaitali.

“Ndiye kuti makoswe ako asintha maganizo?”

“Mbewa sizinasinthe, Bambo. Ine ndiye sindinazifunse bwino.”

Bambo anapukuta dzanja pathalauza n'kulipereka, nkhope atatembenuzira kukhoma. Anamuuza kuti asankhe chala chaching'ono, chimene sichigwira ntchito yambiri. Mzime anabaya mofatsa kuposa mmene amabayira mchira uliwonse. Kamakinako kanaganiza pang'ono n'kuonetsa nambala. Anakatembenuza kuti onse aone. Amayi sankadziwa kuwerenga manambala a shuga, koma ankadziwa kuwerenga nkhope ya mwana wawo, ndipo anadzuka nthawi yomweyo kukatenga nsapato za Bambo.

Mzime anawauza kuti kuonda kwawo kwina kunali kwa njala, kwina kwa shuga yemweyo, ndipo nambala yotere si yodikira mawa. Anati asangoyambiranso mapiritsi okha, apite nawo kuti adokotala aone poyambira. Bambo sanatsutse. Analowa kuchipinda, n'kumveka akutsegula kabati. Anatuluka mapiritsi ali m'thumba la malaya, chipewa cha yunifolomu chili kumutu, ngati kuti poti chinali pamwamba pa mapiritsiwo sakanachitira mwina.

Kuchipatala mzere unali womwe uja, ndipo Bambo anaudandaula monga mwa masiku onse, zomwe zinamukhazika Mzime mtima pansi pang'ono. Namwino atayeza n'kuona nambala, anawadutsitsa kutsogolo. Anawafunsa chifukwa chimene anasiyira mankhwala. Bambo anakonza chipewa n'kuyankha kuti ankathandiza yunivesite pa kafukufuku. Namwinoyo anayang'ana Mzime. Mzime anayang'ana chithunzi cha impso chimene chinali pakhoma. Achipatala anawaika Bambo madzi a m'botolo pamkono, anawasunga mpaka shuga atatsika, ndipo adokotala anawalankhula mawu angapo amene Bambo sanakawabwereze kwa wometa tsitsi.

Botolo la jamu linabwerera kwa azakhali, omwe anati vuto silinali la mtengo koma la mlongo wawo, amene chibadwire sanamalizepo chinthu chowawa. Kondakitala anakhalabe pansi pa zenera masana aliwonse kwa sabata yathunthu, mutu m'mwamba, mpaka anazindikira kuti basi ya njira imeneyo inasiya kuyenda.

Kuntchito gulu lachitatu linayamba. Kunyumbanso Amayi anali atamva bwino nkhani ya gulu limenelo, mwina kuposa mmene Mzime ankafunira. Mbale ya Bambo inabwerera patebulo, pomwe aliyense angaione, yopanda chobiriwira chilichonse kupatula ndiwo zamasamba zimene adokotala analamula. Koma inali mbale yaing'ono, ya ana, ndipo nyama yake inali yosenda mafuta. Pambali pake pankakhala piritsi pasosala, ndipo Amayi sankakhala pansi mpaka litamezedwa.

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, Bambo anameza piritsi lawo, anayang'ana kambaleko, n'kufunsa Mzime ngati anzawo a gulu lachitatu nawonso akudandaula za muyezo.

Mzime anati sizilankhula, koma zimamaliza zonse n'kunyambita waya.

“Ndipo ukusefa?”

“Tsiku lililonse, Bambo. Mulibe kanthu.”

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu womvera chisoni anzake a pantchito. Anadya mpunga wawo wonse mosafulumira, anatola kanjere kamene kanagwera patebulo, kenako anapukuta mbale ndi chala. Amayi anaitenga, anaiyang'ana, n'kuweramanso kusuzumira pansi pa tebulo.